Diso la Kumanzere la Ulimbo

Ine ntchito yanga ndi yokolopa. Ndakolopa m'kachipatala kena ka m'tauni zaka khumi ndi chimodzi, ndipo amene amati wokolopa sadziwa kanthu sanagwirepo mopu. Ife timalowa chipinda chilichonse, anthu n'kumayankhula ngati mulibe munthu. Ndimadziwa dokotala amene amasambadi m'manja ndi amene amangonyowetsa zala. Kudziwa zambiri kumeneku n'kumene kunamupweteketsa mlongo wanga.

Mlongo wangayo ndi mzime kwathu, ndinamuposa zaka zisanu ndi zinayi. Anthu a mpira anamutcha Ulimbo chifukwa mpira ukafika m'manja mwake unkangokakamira. Dzinali linafala mpaka amayi, amene sadziwa n'komwe kuti m'timu mumakhala anthu angati, anayamba kumuitana choncho.

Ugoloboyi anauyambira kwa ine. Bambo atamwalira tinasamukira m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa galaja ina, ndipo amayi akapita kumsika kukagulitsa zovala, wolera mwanayo ndinali ine. Anali wosakhazikika ngati ali ndi nyerere m'kabudula. Kuti nditsuke mbale mwamtendere ndinkamuimika pakhomo la bafa n'kumamugenda ndi masokosi okulunga, dzanja lina lili m'beseni. Ndinkamuopseza kuti likangolowa limodzi asamba madzi ozizira. Masokosi sankalowa. Kusukulu zinkamukanika, samu ndiye musanene. Koma nyimbo akangoimva kamodzi pawailesi, basi yalowa, mawa lake azikusokosa nayo kuyambira koyamba mpaka kumapeto.

Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ankatchinga pagolo m'timu ya fakitale ina ya sopo, pabwalo la miyala loti akagwa kamodzi chigongono chasupuka. Patapita zaka ziwiri timu ina yaing'ono ya mu ligi yaikulu inamutenga kuti akhale goloboyi wachiwiri. Anakhala pabenchi chaka ndi theka. Ine ndinkamuseka kuti akumulipira chifukwa chofunditsa thabwa. Kenako goloboyi woyamba, mkulu wodziwika ndithu, anathyoka chala chachikulu, namuuza kuti apume masabata awiri. Ulimbo analowa, tsiku lomwelo n'kugwira penate. Mkulu uja chala chinapola, koma pagolo sanabwererenso. Lero amagulitsa matchaja a foni pafupi ndi depoti, ndipo mlongo wanga akafika pamenepo ankawolokera tsidya lina la msewu.

"Asisi," anandiuza tsiku lina ndikumufunsa chifukwa chake amawathawa mkuluwo, "akutsogolo amakhala awiri kapena atatu, akumbuyo anayi. Pagolo ndi pa munthu mmodzi. Ukangochokapo kuti ukamwe madzi, upeza wina wavala magolovesi ako."

Pa masewero otsiriza a chaka chotsatira, mpira wa pakona utabwera, Ulimbo anadumpha n'kutera pansi ali nawo, koma bondo la wosewera wina linamupeza pa diso la kumanzere. Nkhope inatupa ngati waba uchi. Wothandiza ovulala wa timuyo anaikapo ayezi, nati mwamuna salira. Patatha sabata chotupa chinaphwa, ndipo mwezi womwewo timu yaikulu kwambiri mumzinda wathu inamugula. Anali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Amayi anavina pakhonde ngakhale miyendo yawo inali yotupa.

Lamulungu lina masana anabwera kwanga. Ndinamupatsa ketulo kuti adzithirire tiyi, iye n'kuthira patebulo, kapu ili pambali.

"Iwe, tebulo langa lakulakwira chiyani?"

Sanaseke. Anadzuka, kutseka chitseko, n'kubwerera pampando.

"Asisi, m'diso umu muli utsi. Muli tinthu takuda tikuuluka ngati ntchentche, nthawi zina moto uja wa owotcherera kugalaja. Ndikatseka lakumanjali, nkhope yanu sindikuiona. Ndikungodziwa kuti pali munthu."

"Ndiye ukudikira chiyani? Mawa tipite kuchipatala."

"Kuchipatala ndikupita Lachinayi, kwanu komweko. Timu yatsopanoyi imatumiza osewera kumeneko. Ayeza mtima, mawondo, maso. Akangolemba zoti diso, kontilakiti yathera pomwepo." Anandigwira dzanja. "Ndi magazi chabe, atha okha. Ingondithandizani ndidutse Lachinayi. Kenako ndipita ndekha, ndikulumbira."

Chipinda choyezera maso ndimachidziwa ngati m'thumba mwanga. Pansi pali tepi wofiira poimapo woyezedwa, ndipo ndimakolopa momuzungulira kuti asamatuke. Masitepe asanu ndi limodzi kutsogolo, pamsomali, pamalendewera tchati cha mafoloko a mano atatu, akuluakulu pamwamba, n'kumachepa mpaka pansi. Ntchito ya woyezedwa ndi kungonena kumene manowo aloza, atatseka diso limodzi, kenako linzake. Anesi a m'chipindamo anali mayi wachikulire wongodikira penshoni, ndipo ndinali nditawaona kambirimbiri. Ankaloza ndi rula kuyambira pamwamba kumka pansi, mwandondomeko, osadumpha foloko ndi imodzi yomwe.

Lolemba m'mawa ndinakopera tchati chonsecho pa katoni ya sopo. Madzulo atatu ndinamuphunzitsa mlongo wanga, ndipo podziwa mutu wake ndinachiika m'nyimbo, pa kaimbidwe kena kamene tinkadumphira chingwe tili ana.

M'mwamba,
kumanja, pansi,
kumanzere, pansi, m'mwamba...

Inkapitirira choncho mpaka mzere wachisanu ndi chitatu. Tinkaseka mpaka misozi. Amayi anatipeza tikuimba natifunsa ngati ndi kolasi yatsopano ya kutchalitchi.

Lachinayi ndinakolopa kakhonde ka kunja kwa chipindacho katatu. Ndinamumva akutchula bwinobwino, mwinamo n'kumachedwa dala ngati akuyang'anitsitsa, wochenjera uja. Anesi potuluka anandiuza kuti mlongo wanga ali ndi maso a mphamba. Sindibisa, ndinanyadira. Ndinaona ngati tsiku limenelo wokolopa wapambana madokotala onse.

Ligi inayamba, Ulimbo n'kumawala. Anasamutsira amayi m'nyumba ya mpanda, nawaletsa zopita kumsika. Nyuzipepala zinkamutama kuti ngakhale ndi wamng'ono amadziwa kulamulira anzake, pakuti ankakuwa masewero onse mpaka mawu kusasa. Ine nditapita kubwalo sindinaonere mpira, ndinaonera mutu wake. Ankaima chopendekera, phewa la kumanja lili patsogolo, mutu uli cheucheu ngati nkhuku yoti yamva kabawi. Kukuwa konse kuja kunali kufunsa njira. Anali atapangana ndi wakumbuyo wina wamtali kuti mpira uliwonse wa m'mwamba wochokera kumanzere azithana nawo iyeyo ndi mutu. Anthu ankangoombera m'manja.

Kunyumba ankagunda felemu la chitseko ndi phewa. Tsiku lina tikuwoloka msewu ndinamukoka malaya minibasi itatsala pang'ono kumupsompsona, iye osaiona n'komwe. Atafika tsidya anandiuza kuti utsi uja tsopano wasanduka chinsalu chakuda, chikubwera pang'onopang'ono kuchokera m'mbali.

M'mawa mwake, ndikupukuta zenera mu ofesi ya dokotala wina wa kwathu kuntchito, ndinafunsa ngati zocheza. Ndinati mwana wa aneba anamenyedwa padiso, ankaona utsi, tsopano akuti chinsalu. Adokotalawo anasiya kulemba.

"Auzeni anebawo kuti kumbuyo kwa diso kuli kachikopa kopyapyala kamene timaonera. Kakayamba kumatuka sikadikira munthu. Apite naye kuchipatala chachikulu sabata ino, osati ya mawa. Akachedwa, diso lapita."

Ndinafunsa kuti akamuchita opaleshoni angachire liti. Anati miyezi itatu kapena inayi osathamanga, osadumpha.

Ulimbo nditamuuza zimenezi anaseka kuseka kopanda mano.

"Miyezi inayi? Chala cha mkulu uja chinali cha masabata awiri."

"Chala ndi diso n'zofanana? Uli ndi zala khumi iwe, maso uli nawo angati?"

"Ndimalize masewero atatu akubwerawa, asisi. Ndi ovuta. Akangodutsa ndipita."

Atatu aja anadutsa, kunabwera a chikho. A chikho atadutsa, anati timu ili pamwamba, sangaisiye pakati pa mtsinje. Ndinamukumbutsa kuti zengerezu analinda kwawukwawu, iye nati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Miyambi inatithera, tinayamba kukalipirana. Tsiku lina ndinamuuza kuti basi, ndikukawauza amayi.

"Kawauzeni. Kuthamanga kwa magazi kwawo mukukudziwa." Kenako anawonjezera motsitsa mawu: "Mukawauzenso amene anandiphunzitsa nyimbo ija."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa anali oona. Ndinkaopa amayi, ndinkaopa ntchito yanga, ndipo koposa zonse ndinkaopa kuti mwana amene ndinamubereka kumbuyo adzandida moyo wake wonse. Ndinakhala chete mwezi wina wathunthu, ndipo mwezi umenewo sindidzadzikhululukira.

Kutatsala masewero asanu ndinalimba mtima n'kupita kwa akochi. Ofesi yawo inali kunsi kwa mipando ya oonera, kachipinda kopanda zenera konunkha mankhwala opaka ndi masokosi onyowa. Anali bambo wamkulu thupi, kapusi pamutu, wezulo m'khosi. Patebulo anajambulapo bwalo ndi choko, osewera ake ali zitsekerero za mabotolo. Ndinawafotokozera zonse kupatula za nyimbo. Ndinkayembekeza kuti adzidzimuka. Iwo anangokankha chitsekerero chimodzi ndi chala.

"Mayi, mukuganiza kuti wamtali uja ndinamusunthira kumanzere chifukwa chiyani? Ine ndaponyera mipira magoloboyi zaka makumi awiri. Ndinaona sabata yachiwiri."

"Ndiye mukumusiya azisewera?"

"Tili pamwamba ndi mapointi awiri. Wachiwiri wake ali ndi maso awiri, koma manja ake ndi obooka. Ligi ikatha ndimutengera ndekha kuchipatala pa galimoto yanga."

"Diso silidikira ligi, bambo."

Anandiyang'ana koyamba. "Pepala limene lili m'kabati umo likuti maso ake ali bwinobwino. Lili ndi chidindo. Kodi chipatala chake si chomwe mumagwirako ntchito inu?"

Ndinatuluka. Ndakolopapo zonyansa zambiri pa moyo wanga, koma tsiku limenelo ndinalakalaka ndikanabwera ndi ndowa yanga.

Chakudza sichiimba ng'oma. Masewero achitatu kuchokera pamenepo, tikutsogola ndi chigoli chimodzi, wamtali uja anapatsidwa khadi lofiira kutatsala mphindi khumi ndi zisanu. Mpira woyamba wochokera kumanzere Ulimbo anautulukira molimba mtima n'kukumbatira mphepo, wina kumbuyo kwake n'kungougwedezera mutu mu ukonde. Wachiwiri ndi umene unatipha. Unali mpira wofooka, wongogubuduzika, woti ngakhale amayi akanauponda. Unadutsa pafupi ndi phazi lake la kumanzere iye akuyang'ana kwina, akukuwira anzake. Anadziwa kuti chalowa atamva bwalo lonse likubuula.

"Wagulitsa! Wagulitsa!"

Mabotolo anagwa ngati matalala. Anatuluka pabwalo atazunguliridwa ndi apolisi. Sabata yonse anthu ankaimba mafoni kuwailesi, aliyense akudziwa amene anamugula ndi komwe anakumana. Omwe aja ankamuimbira nyimbo analemba mawu oipa pampanda wa amayi ndi makala, ndipo amayi sanapite kutchalitchi milungu iwiri. Ndinamupempha Ulimbo kuti angonena zoona, anthu amusiye.

"Ayi. Wogulitsa amakhululukidwa, asisi, timu ina imamutenga. Wakhungu amutenga ndani?"

Akochi aja, ataona kuti ligi yawapulumuka ndipo mabwana akufuna mutu wa munthu, anakumbukira mwadzidzidzi kuti akukayikira maso a goloboyi wawo. Ulimbo anamuimitsa mpaka atabweretsa kalata yochokera kwa dokotala wa maso wa kuchipatala chachikulu. Pa galimoto yawo ija sitinakwerepo.

Anabwera kwanga atawonda, ndevu zili nyankhalala. Ndinaganiza kuti tsopano wagonja. Koma atakhala pansi anafunsa kuti, "Matchati aja amakhala ofanana konsekonse, eti?"

Ndinati ambiri amafanana. Ndikutsuka makapu ndinamumva akung'ung'udza kanyimbo kaja.

Tinafika kuchipatala chachikulu m'mamawa, patatha miyezi isanu ndi itatu chimugundireni bondo lija. Pamabenchi panali agogo a mabandeji m'maso ndi ana owatsogolera njira. Iye anavala kapusi ndi magalasi akuda kuti asamuzindikire. Atatsala anthu awiri kuti tilowe, ndinamuuza kuti ndikupita kuchimbudzi. Ndinazungulira kukhomo la kumbuyo, limene amalowera anzanga a mopu, ndipo ndinapeza adokotala ali pasinki. Anali mayi wamng'ono thupi, akusamba m'manja ndi sopo mpaka m'zigongono. Nditaona kasambidwe kameneko ndinadziwa kuti awa ndingawauze.

"Adokotala, pepani. Mnyamata wa kapusi amene alowe posachedwayu ndi mlongo wanga. Diso lake la kumanzere silikuona, koma tchati chanucho amachidziwa pamtima. Ndinamuphunzitsa ndine."

Anandifunsa kumene ndinachipeza, ndinawauza, ndi dzina la kuntchito kwanga lomwe. Anapukuta manja, nati ndibwerere pamzere.

Tchati chinali chomwecho, mafoloko omwewo, pamsomali ngati kwathu. Ine anandikhazika pampando wa kukhoma, kumanzere kwake. Anayamba ndi diso la kumanja, iye n'kutchula zonse mosavuta. Kenako adokotala anaphimba lakumanjalo ndi thonje, kumata ndi pulasitala mbali zonse, osasiya mpata. Anayenda mwakachetechete kukafika kukhoma, kuchotsa tchaticho pamsomali, n'kuchigwira chozondotsa m'khwapa. Anagogoda khoma ndi cholembera.

"Yambani."

"M'mwamba," anatero mlongo wanga.

Anagogodanso.

"Kumanja. Pansi."

Anaima mowongoka ngati ali pagolo, manja kumbuyo, chibwano m'mwamba. Pa mzere wachisanu anayamba kuchedwa dala, kutsinzinira, kupendeketsa mutu ngati munthu amene akuyesetsa. "Kumanzere... ayi, dikirani... eya, kumanzere." Adokotala ankangogogoda khoma loyera. Sanaphonye foloko ndi imodzi yomwe mpaka mzere wachisanu ndi chitatu. Ndinazindikira kuti milomo yanga ikuyenda limodzi ndi yake, misozi ikulowa m'kamwa.

Atamaliza anapumira m'mwamba. "Ndakhoza, adokotala?"

Iwo anachoka pakhoma paja. Anabwera n'kumatula pulasitala uja pang'onopang'ono. Ulimbo anaphethira kawiri, n'kuona msomali uli wokha pakhoma. Anaona tchati m'khwapa mwa adokotala. Kenako anandifunafuna ine, ndipo kuti andipeze anachita kutembenuza thupi lonse.

Adokotala anamuthira mankhwala m'maso, anamuunika ndi nyali nthawi yaitali, iye ali phee ngati mwana womvera. Pomaliza adokotala anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana naye.

"Achimwene, kachikopa kaja kanamatuka konse, ndipo kanakwinyika kalekale. Opaleshoni tichita kuti diso lisamakupwetekeni, koma kuona sikubwerera. Mukanabwera mwezi woyamba uja bwenzi tikukamba zina."

"Nanga kalata?"

"Kalata ndilemba. Inena kuti lakumanjali ndi lokhalo limene mwatsala nalo, ndipo si loti muziliika patsogolo pa nsapato za anthu."

Mwezi woyamba uja ndi umene ine ndinkaimba naye nyimbo kukhitchini, tikuseka.

Tinatuluka m'kakhonde kodzaza anthu, iye patsogolo, kalata ili m'manja, ine m'mbuyo ngati mlendo. Ndinkadikira kuti anditukwane, ndipo ndinali wokonzeka. Anagunda machira oyendetsera odwala, kupepesa, kuyenda pang'ono, n'kugundanso mayi wina wonyamula fulasiki. Pamenepo anaima. Anavula magalasi akuda aja n'kuwaika m'thumba.

"Asisi," anatero osandiyang'ana, "bwerani mbali ino. Ndizigunda anthu."

Ndinapita kumanzere kwake, phewa langa n'kukhudza mkono wake, tinatsika masitepe.

Adokotala aja sanakandinenere kuntchito, ndipo masiku ena ndimalakalaka akanatero. Amayi tinawauza tonse awiri. Analira, koma za nyimbo sanazimvetse mpaka lero. Timu inapeza goloboyi wina sabata yomweyo. Amene analemba pampanda palibe anabwera kudzafufuta, ndinatsuka ndekha ndi bulashi.

Ulimbo tsopano ali ndi zaka makumi awiri ndi zinayi. Amagwira ntchito kunyumba ina yosungiramo katundu, kumene amatsitsa makatoni m'malole mochita kuponyerana. Amaima moti lole ikhale kumanja kwake, ndipo anzake akuti sanagwetsepo katoni. Akamadutsa padepoti masiku ano sawolokanso msewu, amaima n'kucheza ndi mkulu wa matchaja uja. Loweruka masana, nthawi ya mpira, amazimitsa wailesi n'kubwera kwanga kuti tikayende. Sitikambirana za mbali, aliyense amadziwa pake.

Ine ndikadali m'kachipatala komwe kaja. Anesi achikulire aja anapuma, koma tchati chikadali pamsomali wake, ndipo m'mawa uliwonse ndimakolopa mozungulira tepi wofiira uja nditachifulatira. Sizithandiza kwenikweni, chifukwa nanenso ndimachidziwa pamtima.